Pemphero Langa Linathetsa Ukwati wa Mlamu Wanga

Inu owerenga, ine ndinamulakwira mlamu wanga, ndipo ndinamulakwira m'tchalitchi. Mpaka lero akanditchula kuti ndipemphere pagulu, ndimakana.

Ndimakhala ku Chiputula kuno ku Mzuzu. Mlamu wangayo, Wongani, mng'ono wa amuna anga, ankakhala nafe ndipo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Katawa. Akadali mnyamata ndithu anatuluka chotupa m'khosi. Anamutumiza ku Blantyre, kumene anapeza kuti ndi khansa. Anakhalako miyezi yambiri akulandira mankhwala a m'diripi. Anabwerako wopanda tsitsi, buluku akumangira chingwe, koma wamoyo. Ndinkamuphikira phala lotsira nsinjiro mpaka masaya anabwerera. Chibwenzi chake, Nyagondwe, anamudikira nthawi yonseyo, ndipo ife tinali titapeza kale thenga woti akalankhule za ukwati kwa makolo a mtsikanayo.

Tsiku lina masana ndikusambitsa khanda langa, Wongani anakhala pamtondo n'kumangoyang'ana. Ndinamuseka monga timachitira pachilamu, ndinati aphunziriretu poti chaka chamawa ndi iyeyo. Sanaseke.

Anati, "Mulamu, adokotala anandiuza kuti mankhwala aja mwina anapha mbewu yanga. Mwina ndidzabereka, mwina ayi. Akulu anga sindinawauze. Ndauza inu nokha."

Ananenanso kuti akaona mwana wa munthu mtima umamuwawa, ndipo sakudziwa kuti Nyagondwe angamuyambe bwanji. Ine ndinazolowera kuti vuto likabwera uchitepo kanthu msanga. Sindinakhale naye pansi. Ndinangoti Mulungu alipo, n'kupitiriza kupukuta mwana.

Lachinayi kumsonkhano wa amayi, itakwana nthawi yotchula zopempherera, ndinaimirira. Dzina sindinatchule ayi. Ndinati tipempherere mnyamata wa m'nyumba mwanga amene Ambuye anamuchiritsa, koma mankhwala anamusiya wosabereka. Mawu aja oti mwina ndinawasiya. Ndinkaganiza kuti ndikanena molemera amayi apemphera ndi mtima wonse. Anapempheradi, ena mpaka misozi. Pabenchi lachitatu panali azakhali ake a Nyagondwe.

Sabata isanathe thenga anabwezedwa. Makolo a Nyagondwe anamuuza kuti mwana wawo sangamupereke kunyumba kumene sikudzalira khanda, ndipo mtsikanayo anamutumiza kumudzi ku Rumphi asanatsanzike. Ku Katawa nkhani inafika kale. Amuna a pabawo ankati telala anagwa m'papaya, kutanthauza kuti si mwamuna, chinthu chimene ngakhale adokotala sananene. Wina anamubweretsera nsalu kuti amusokere matewera, ati poti ake sadzasoka.

Wongani sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anandipeza ndikuyanika zovala, anaima kuseri kwa chingwe, nandithokoza m'chinenero chakwawo, nati, "Yewo chomene, mulamu. Mwandipempherera."

Patapita masiku ochepa anatenga makina ake osokera ndi bulangete, n'kukwera basi ya ku Karonga. Tsopano zaka zakwana zinayi. Kalata inabwera imodzi yokha, ya kwa akulu ake, yopanda adiresi. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa mwana amene sankatha n'kulankhula komwe. Ine sananditchule.

Chaka chatha nesi wina woyandikana nafe anandiuza kuti amuna ena akamaliza mankhwala amenewa mphamvu yobereka imabwerera pakapita nthawi, ndipo kuchipatala amatha kuyeza. Ndinasiya ndowa pampopi n'kukakhala m'nyumba. Bwenzi nditangomuperekeza Wongani kukafunsa. Amuna anga anandikhululukira, koma dzina la mng'ono wawo salitchula ine ndilipo. Ndikamapita kumsika n'kumva makina akulira pakhonde lililonse, miyendo imaima yokha ngakhale ndikudziwa kuti si iye. Sitikudziwa ngati matenda aja anamuyambanso, kapena ngati kumeneko ali ndi womuphikira.

Inu owerenga, mnyamata akachira khansa timasangalala n'kuiwala kuti watsala ndi mantha amene sangawanene kwa amuna anzake. Akakusankhani inu kuti akuuzeni, siyani zimene mukuchitazo, khalani pansi mumve. Musauze munthu asanakuloleni, ngakhale abusa. Ngati mukufuna kumupempherera, pempherani chamumtima, Mulungu amamva ndithu.

Ndipo ngati kumene muliko kuli telala wamtali, wosalankhulalankhula, wachipsera m'khosi kumanzere, musamufunse kanthu. Mungomuuza kuti ku Chiputula chipinda chake sitinagonekemo munthu.