Tsiku limene amalume anamiza a Barinaba pamtunda

Nditamaliza chaka choyamba cha filozofiya ku univesidade, ndinabwerera kwathu ku Msumba ndili ndi nzeru zosowa pozitula. Ndinapeza amalume akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ndiye ndinawayesa ndi funso la m'kalasi.

"Amalume, mwera watembenuza mabwato awiri. Kuno kukumira anthu asanu, uko mmodzi. Mupulumutsa ati?"

"Mmodziyo ndani?"

"N'chitsanzo chabe."

"Nyanja ino simiza munthu wopanda dzina, mphwanga."

Apa m'pamene ndinalakwa. Ndinatchula a Barinaba, oliza belu kutchalitchi, chifukwa choti ndiwo ankadutsa mumsewu.

"Amenewo amire," anatero amalume, osadzutsa n'komwe mutu.

Mayi wina amene ankayanika chinangwa chapafupi anamva yankho la amalumelo, n'kukalifikitsa kwa a Barinaba. Lamlungu belu silinalire. A Barinaba anati sangaitanire ku Misa anthu amene agwirizana zowasiya m'madzi.

Akuluakulu a mpingo atatiitana, anafunsa kuti anayambitsa za mabwatozi ndani. Maso onse anali pa ine. Ndipo ine, amene ndinali nditangokhoza kumene mayeso a za kunena zoona, ndinayankha kuti, "Ine ndinafika atamira kale."

Amalume anangondiyang'ana. Anapepesa ndi tambala wawo yekhayo, chifukwa chomiza munthu amene sananyowe ngakhale chala. A Barinaba anatiitana tonse kukadya tambalayo, ndipo ine, monga mboni yosalakwa, anandipatsa ntchafu. Amalume akundiona, ndinaidya mpaka fupa.