Tsiku Limene Ndinachongera Apongozi Anga

Kwathu ndi ku Lisungwi, koma ukwati unandikweza phiri n'kukandikhazika ku Nsambe, kwawo kwa akazi anga. Munda umene ndimalimamo mbatatesi si wanga. Malo amene ndinamangapo nyumba si anga. Ngakhale ana amene ndinabereka ndekha, pakagwa nkhani yaikulu amayamba afunsa amalume awo. Ukamwini ndi umenewo, ndipo sindinkadandaula, bola amalumewo asandikwiyire.

Amalume a anawo ndi mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga, ndiponso ndiye mwinimbumba. Ndi munthu woti akayamba kulankhula, wina aliyense amangotsala ndi ntchito yovomera. Ndinamuonapo akuthamangitsa mkamwini mnzanga pamudzi chifukwa chongomuyankha pamaliro. Mnzangayo anachoka ndi khasu ndi chikwama, ana ake akulira pakhonde. Kuyambira tsiku limenelo, mlamu akatsokomola ine ndinkaimirira.

Chaka china anaimira ukhansala. Pamudzi ponse tinavala malaya a nkhope yake, ndipo ine ndiye ndinkakwera m'mitengo kukhoma zithunzi zake, mphepo ya ku Nsambe ikundiluma zala.

Amayi ake, apongozi anga, maso anali atachita ng'ala moti sankaonanso. Ine ndi iwo tinkaopana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'thengo, ngakhale pamene anasiya kuona. Akafuna kundiuza kanthu ankauza akazi anga, ine ndili chapomwepo. Nkhope yawo sindinaiyang'anepo bwinobwino.

Lamulo limalola munthu wosaona kusankha womuchongera. Mlamu anali atakonzeratu kuti amayiwo achongeredwe ndi akazi anga. Tinapita kusukulu kumene tinkavotera, akazi anga patsogolo atagwira ndodo ya amayi awo, ine m'mbuyo patali ndithu. Anthu pamzere anawapatsa mpata. Mayi woyang'anira chisankho anawerama n'kufunsa mokweza.

"Agogo, mukufuna akuthandizeni ndani?"

Akazi anga anali atatambasula kale dzanja kuti alandire mapepala.

"Mkamwini wanga," anatero apongozi.

"Amayi, ndili pano ine," anatero akazi anga.

"Ndakumva. Ndati mkamwini wanga. Kodi sanabwere?"

Anthu pamzere anaseka, wina mpaka anaimba mluzu. Ndinayang'ana kumpanda wa sukulu, kumene mlamu anaima ndi anyamata ake, ndipo anandikodola ndi mutu ngati akuti pita, ukudziwa chochita. Miyendo inanditengera kutsogolo ine ndisakufuna.

Kuwagwira dzanja sindikanatha. Ndinagwira ndodo kunsonga, iwo kumutu, n'kuwatsogolera kukachipinda kovotera, ndikuyenda chammbali ngati mbuzi yokana chingwe. Kachipindako n'kochepa. Tinaima phewa ndi phewa, ine nkhope ndalozetsa kukhoma. Ndinkamva fungo la utsi pansalu yawo.

Pepala la pulezidenti tinathana nalo bwino, la phungu chimodzimodzi. Ndinkawerenga mayina monong'ona, iwo n'kunena, ine n'kuchonga. Kenako ndinatambasula la makhansala. Nkhope ya mlamu inali pamenepo, ikumwetulira. Ndinayika cholembera pabokosi lake ndisanawerenge n'komwe.

"Werengani onse, apongozi," anatero gogoyo.

Aka kanali koyamba kundilankhula ine mwini. Ndinawerenga. Atamva onse anatchula dzina la mayi wina wa ku tsidya, amene ankapikisana ndi mwana wawo.

Ndinayesa kuti sanamve bwino. "Amayi, awa ndi a ukhansala. Alamu ali papepala pompano."

"Ndinabereka ndine, ndikumudziwa. Mudzi umodzi wokha akuuliza chonchi, nanga mukam'patsa midzi yonseyi? Mlongo wake amamuopa, akanandinamiza. Chongani pamene ndanena."

Kunena zoona, ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse m'moyo wanga. Nanenso ndinkamuopa, mwina kuposa mlongo wakeyo. Ndinaganiza za munda wanga, mbatatesi zitayamba maluwa. Ndinaganiza za mwana wanga wamng'ono ataima pakhonde, ine ndikutsika phiri ndi chikwama. Apongozi sakanaona pamene ndachonga. Ndikanachonga pa mlamu, ndikanatha kulumbira pamaso pake ndi mtima woyera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma gogoyo anaima duu, akupuma pang'onopang'ono, akudikira kumva kulira kwa cholembera. Pa anthu onse a pamudzi anasankha ine, munthu wobwera.

Ndinachonga pa mayi wa ku tsidya uja. Ndinapinda pepalalo kangapo konse mpaka woyang'anira anandiuza kuti likanika kulowa m'bokosi.

Mlamu sanapambane. Masiku otsatira nsima sinkatsika. Njinga yamoto ikalira kumsewu, ndinkasiya khasu n'kumvetsera ngati ndi ya mlamu. Akazi anga anandifunsa kamodzi kuti amayi anati chiyani m'kachipinda muja, ine ndinati lamulo silitilola kunena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osafunsanso, ndipo ndinadziwa kuti nawonso ayamba kuopa.

Mlamu anabwera masana ena ndikusankha mbewu ya mbatatesi pabwalo. Sanakhale pansi, ngakhale moni sanapereke.

"Alamu, pasukulu paja mavoti anga anaperewera. Ndikudziwa nyumba iliyonse imene inandilonjeza. Amayi munawachongera pati?"

"Alamu, zimenezo n'zachinsinsi."

"Chinsinsi pamudzi panga? Inu munabwera ndi chiyani pano? Eti mwayamba kuchongera amayi anga zofuna zanu?"

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Ndikanati ndinachonga pa iye, likanakhala bodza, komanso ndikanawalanda apongozi mawu awo. Ndikanati ndinachonga kwina, akanati ndinawabera voti amayi ake osaona. Ndikananena kuti anasankha okha, ndikanawapereka. Ndinangoyang'ana mbatatesi zili m'manja mwanga.

"Ngati simuyankha, lowani mulongedze," anatero. "Dzuwa lisanalowe mukhale mutatsika."

Mwana wanga wamng'ono anandigwira mwendo. Ndinaimirira ndipo ndinayambadi kulowera kukhomo.

"Iwe!"

Anali apongozi. Anali atakhala pamkeka pakhonde pawo, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawu a mwana wawo.

"Ukuvutitsiranji mwana wa eni? Iye anangobwereka dzanja. Wovota ndine, ndipo ndili pano. Ukufuna kudziwa? Bwera undifunse. Ndikuuza pompano, anthu onsewa akumva."

Mlamu anatembenuka n'kuyenda mpaka pafupi ndi khondelo. Anawayang'ana amayi ake. Kenako anayamba kufunafuna makiyi m'thumba.

"Funsatu," anatero apongozi.

Sanafunse. Anakwera njinga yake n'kumapita, ndipo amayiwo anakhala zaka zina ndithu ali moyo, iye akubwera kudzawaona ndi shuga ndi sopo, koma funso limenelo sanalibweretsenso.