Nkhope za pa Khoma la Saluni

Fungo la penti wosungunula ndi palafini limandibwezerabe ku Chintheche, pa tchuthi cha Khirisimasi ndili Sitandade 6. Mango anali mbwee pansi pa mitengo, ndipo dzuwa likangotuluka mvula itakata, mudzi wonse unkanunkha chinangwa chovuula chimene amayi ankayanika pathandala.

Chaka chimenecho azakhali anga, a NyaManda, anatsegula saluni m'kachipinda ka m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pokwerera minibasi. Anthu sankalowamo. Onse ankawolokera ku saluni ya tsidya lina, imene inali ndi chipepala chosindikiza ku Mzuzu, cha akazi akunja a tsitsi lonyezimira. Yathu inali ndi khoma loyera basi, ndipo bambo amene ankalemba zikwangwani anali atapita ku Joni. Azakhali anayamba kunena zotseka.

Ine ndinali mwana wachibwibwi, wosayang'ana munthu kumaso. Kusukulu ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi, kukwapulidwa chifukwa chojambula padesiki. Tsiku lina m'mawa azakhali anandiitana. "Tiwonge, zija amakumenyera aphunzitsi zija, bwera udzazichitire pakhoma pano."

Ndinathamanga wosavala nsapato mpaka kudoko, kumene asodzi anandigawira penti wotsala popaka maboti, wabuluu, wofiira ndi wakuda. Burashi ndinapanga potafuna nsonga ya kamtengo. Ndinakwera pa kileti ya zakumwa. Khoma lonselo linali langa, ndipo panalibe wondigwirira ndodo!

Ndinkafuna kukopera akazi a pachipepala aja. Ndinkawoloka msewu, kuwayang'anitsitsa, n'kubwerera chothamanga. Koma dzanja linkandikanira. Nkhope yoyamba inatuluka ndi masaya akulu ndi mpata pakati pa mano, ndendende a NyaChirwa, mayi wolusa wogulitsa usipa pamsika. Yachiwiri inakhala ya mtsikana wina wogwira ntchito ku loji ya ku Kande. Yachitatu inali ya mayi wotsogolera nyimbo kutchalitchi ku Bandawe. Aliyense ndinamuluka tsitsi lakelake.

Makondakitala ndiwo anayamba kuima, kenako akabaza, kenako amayi ochokera kuchigayo. Ankaloza, kutchula maina, n'kumaseka mpaka kugwirana mapewa. Sindinadziwe ngati akuseka ine kapena akusangalala, koma sindinasiye kupenta.

Phokoso linangoti zii. Nditacheuka ndinaona a NyaChirwa eni ake ataima kumbuyo kwanga, beseni lili pamutu. Azakhali anatuluka chipeso chili m'manja, nkhope itagwa, chifukwa mayiwa akakwiya msika wonse unkamva.

"Wandiika pakhoma ndani?"

Ndinakweza dzanja lodzaza penti. Anayandikira, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mano ndi angadi. Koma tsitsi ili ndinakhala nalo liti, mwana iwe?"

"Si-simunakhalepo nalo, ama," ndinayankha. "Ndangoona kuti lingakukhaleni."

Anatula beseni pakhonde, anavula duku, n'kulowa kukakhala pampando. "NyaManda, undiluke chimodzimodzi. Usaphonye ngakhale mzere umodzi." Anthu anakuwa, wina analiza hutala ya minibasi. Pofika Khirisimasi amayi ankadikira pabenchi panja, ena akundinong'oneza kuti ndiwapezere malo pakhoma. Mwini golosale yoyandikana nafe anandipempha kuti ndimulembere dzina la sitolo ndi penti wofiira, ndipo ndinamuyankha osachita chibwibwi kuti zilembo zofiira sizingaoneke bwino pa njerwa zake.

Lero ndimakonza zikwangwani, zikuto za mabuku ndi zizindikiro za makampani pakompyuta ku Mzuzu. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti ndinalephera kukopera, ndipo mwayi wokha ndiwo unandipulumutsa. Panapita zaka kuti ndizindikire kuti mwana uja, amene ankaoneka ngati sayang'ana munthu, ankawayang'anitsitsa anthu a kwawo kuposa wina aliyense, ndipo ntchito yanga yonse inayambira pamenepo.