Miyendo inayi ya meza yanu

Achimwene, lero posamuka nyumba ndapezanso miyendo inayi ya meza ija, ikadali yomangidwa ndi waya wanu. Mukukumbuka nthawi ya nkhondo ku Ntengo-Wambalame, misomali itasowa m'maloja monse? Ine mphunzitsi wodziwa zonse ndinakusekani kuti mmisiri wopanda msomali ndi mmisiri wa chiyani. Munayankha osadzutsa mutu: "Aphunzitsi, tsekani pakamwa muone." Bokosi munalilumikiza ndi mano olumana ngati mchira wa namzeze, n'kunena kuti limenelo silimasuka ngakhale bulu aliponde. Koma meza munaiboola thabwa lake lapamwamba, mwendo uliwonse n'kuusema lilime lolowa m'bowo lakelake, n'kukhomera kachikhomo kamtengo popanda guluu. "Masiku ano meza nayo izidziwa kuthawa," munatero.

M'mawa umene mfuti zinalira kuseri kwa phiri, munagogoda tizikhomo tija, meza n'kumasuka ine ndisanapeze n'komwe nsapato. Munandisenzetsa miyendo. "Tsogolani, aphunzitsi. Thabwali lingakuthyoleni khosi, paja inu munazolowera kunyamula choko. Ndikupezani kumalire." Ndinakudikirani pamenepo, ndikufunsa za inu kwa aliyense wodutsa, mpaka anthu anatopa kundiyankha. Simunafike, ndipo pomwe munagona sitipadziwa. Kuyambira apo ndawerenga mabuku ambiri, koma palibe landiuza njira imene munadzera. Amisiri angapo andiuza kuti angapale malilimewo n'kuika thabwa lina. Ndimakana. Mabowo ake ali m'thabwa limene munasenza inu, achimwene, ndipo ine ndi madigiri angawa ndimadyabe mbale ili pamwendo.