Makatoni a Bambo a Mankhwala

Ine sindikhulupirira munthu. Mwana wanga wamkazi, amene ndimakhala naye kuno ku Lawrence, m'dziko la azungu, akati wakhoma chitseko ndimapita kukagwedeza ndekha. Ndiye mutha kuona mmene mtima unandidumphira nditafunsa za mkulu wina wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankakonda kucheza ndi mdzukulu wanga wamkulu pampanda.

"Amagwira ntchito yanji bambo amenewa?"

"Anapuma, amayi. Ankagwira za mankhwala. Panopa akulemba mbiri ya gulu lawo la abale. Ali ndi moni wawo wachinsinsi, amavalanso mikanjo polandira anthu atsopano."

Mwana wanga ananena izi akupukuta mbale, osaphethira n'komwe. Kwathu, munthu wa mankhwala wokhala ndi gulu lachinsinsi sumulandira ngakhale madzi akumwa. Tsono mdzukulu wangayo anali atapeza malo pa yunivesite ina ku South Bend kukaphunzira kemisitiri, ndipo mkuluyo, pokhala wobadwira komweko, anati amuperekeza kukamuonetsa kwa abalewo. Ndinati mwana sapita. Mtsikanayo anandiyankha m'Chingelezi, monga amachitira ana a kuno, misozi ili m'maso, kuti sapita kusukuluko ngati agogo sanamudalitse.

Ndinakhala masabata awiri ndikusuzumira pakatani. Kunkabwera azimayi okalamba atanyamula makatoni. Mkuluyo ankawalandira n'kutsika nawo kuchipinda chapansi, azimayiwo n'kutuluka akupukuta m'maso. Ndinauza mwana wanga. Anangoti, "Amayi, mwayamba kusitiresa nyumba yonse."

Tsiku la ulendo ndinavala nsapato m'mamawa n'kukhala pampando wakumbuyo wa galimoto ya mkuluyo, Baibulo lili m'chikwama. Palibe anandiitana. Mkuluyo anasangalala ngati walandira mlendo wolemekezeka, n'kundipatsa botolo la madzi. Ndinaliika pansi.

Titatuluka mumzinda wa Indianapolis, minda ya chimanga itayamba mbali zonse, ndinamukodola mdzukulu wanga.

"Iwe, afunse. Mankhwala awowo ndi ochiritsa kapena enawa?"

"Agogo!"

"Funsa. Usachotsepo mawu."

Anafunsa, ndipo zinamutengera nthawi kufotokoza kuti kwathu liwu limodzi lomwelo limanyamula za kuchipatala, za m'botolo la mu labu ndi za m'nsupa. Mkuluyo anaseka mpaka anachepetsa liwiro. Anati moyo wake wonse ankayeza mapiritsi, kuona ngati lililonse lili ndi mlingo woyenera lisanafike kwa wodwala. Kenaka anafunsa ngati ndimamwa mapiritsi aliwonse. Ndinatulutsa a bipi. Anawayang'ana pagalasi n'kunena kuti a mtundu umenewu anadutsa m'manja mwake ambirimbiri.

"Ndiye kuti ndakhala ndikumeza mankhwala awo m'mawa uliwonse?"

"Eya, agogo. Anakulodzani kalekale."

Ndinamumenya kambama paphewa, koma ndinaseka.

Ku South Bend tinalowa m'chipinda cha gulu lija chodzaza mashelefu, mkuluyo atanyamula imodzi mwa makatoni aja. Ndinaima pafupi ndi khomo. Atatsegula, munali makalata achikasu, zithunzi za anyamata ovala makhoti oyera, ndi kabuku kolembedwa pamanja. Gululo linali la anthu amene anaphunzira kemisitiri. Azimayi aja anali amasiye, ankabweretsa mapepala a amuna awo kuti asatayidwe. Iye ankaloza nkhope iliyonse: uyu anaphunzitsa uyu, uyu anapsa dzanja mu labu koma sanasiye ntchito, uyu ankalipirira anzake chakudya osauza munthu. Sanayang'ane polembedwa paliponse. Ndinamuzindikira pamenepo. Pamaliro kwathu pamakhala munthu woimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Uyu anali wotero, kungoti iye anaipanga kukhala ntchito ya tsiku lililonse.

Panatsala chimodzi.

"Auze andionetse moni wachinsinsiwo."

Mkuluyo anagwira pachifuwa n'kukana mwaulemu. Anati analonjeza ali mnyamata. Ndinaumirira katatu, mpaka ndinati akakana mwana abwerera nane. Nkhope inamufiira, koma anakanabe. Anangoti mulibe choipa, ndipo mtsikanayo akadzafuna kulowa m'gululo adzasankha yekha, kusukulu sikudalira zimenezo.

Mdzukulu wanga anaona ngati zonse zatha. Sanadziwe kuti anthu amene anandipweteka m'moyo onse anali omasuka pakamwa, okuuza chinsinsi cha mnzawo usanakhale n'komwe pansi. Uyu ndinamukankhira pakona, sanagulitse anzake.

Panja, poimika magalimoto, ndinamugwira mtsikanayo mutu ndi manja onse awiri n'kumupempherera mokweza, anthu akudutsa. Analira, kenaka anayamba kudumpha ngati kamwana.

Pobwerera ndinatola botolo lija. Ndinaona kaye ngati chitsekerero chinali chisanatsegulidwepo, kenaka ndinamwa onse.