Akuchimuna anabwera ndi matiresi

Amuna anga anali a ku Mozambique. Anabwera ali mnyamata nthawi ya nkhondo, nkumagwira maganyu pa njanji ku Nkaya mpaka anandipeza ine kuno ku Machinga. Tinakhala limodzi mpaka imvi, koma m'bale wawo sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe.

Ali moyo zimenezi sizinavute munthu. Zinadzavuta atagona m'bokosi. Amalume anga, amene ankayendetsa maliro, anakanitsitsa kuti mkamwini saikidwa akuchimuna asanalankhule.

"Mawa abale ake akadzafunsa kuti munthu wathu munamutani, ndidzayankha chiyani?"

Ndinawauza kuti kulibe amene adzabwere. Anati tidikire. Kunja kunali kotentha, mwezi wa Okutobala. Adzukulu anali atamaliza kale kukumba manda, atayamba kufunsa nkhuku yachiwiri.

Chakumasana kunatulukira anthu anayi kuchokera kumsewu wa ku Zomba, anyamata atatu ndi mtsikana, aliyense atabereka matiresi kumsana. Kwathu kuno munthu wonyamula chogonera nkumalunjika pamene pali maliro sitimufunsa. Amayi a mvano anakuwa, "Afika! Akuchimuna afika!" Amene anali atatopa kulira anayambiranso. Alendowo anawalandira katundu asanatsegule pakamwa.

Mtsikanayo anamuponyera chitenje kuti abise kabudula, nkumukhazika pafupi ndi ine m'siwa. Anandinong'oneza.

"Amayi, pepani, ife si a maliro, tachokera ku Blantyre. Timafuna njira ya ku miyala ili kuseri kwa nyumba yanu. Timakwera miyala."

"Mukatenge chiyani pamwambapo?"

"Palibe. Timangokwera."

"Nanga matiresi?"

"Ndi ogwerapo."

Ndinamuyang'anitsitsa. Anthu kuchoka ku Blantyre konse, kuthithikana m'minibasi, kuti adzagwe kuno. Ndinaona kuti anthu a mtima wotere savuta kuwapempha chinthu.

"Pa anyamatawo, wodziwa kulankhula ndi uti?"

Anati wandevu. Ndinamuitanitsa ngati wofuna kumva za kwawo, ndipo atagwada pakhomo ndinamufotokozera zonse mmene zinalili. Anakanda ndevu zake.

"Koma amayi, malemuwa ine sindikuwadziwa."

"Mwana wanga, onse olankhula pa maliro amakhala akuwadziwa malemu? Sindikukupempha bodza. Ungonena kuti aikidwe."

Nthawi itakwana anaimirira pabwalo, manja kumbuyo. Anati iwo achokera kutali. Anati akuona kuti bambowa anasungidwa bwino pamudzi pano, ndipo iwo alibe mlandu ndi munthu. Anamaliza ndi mawu amodzi amene ndinawadikira kuyambira dzulo lake: aikidwe.

Amalume anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. Kenako anauza oyandikana nawo kuti mphunoyo ndi yomweyo, magazi sanama. Mayi wina anati anthu a ku Mozambique ali ndi ulemu, amabwera ndi zogonera zawo kuti asavutitse anamfedwa. Anyamata aja ananyamula nawo bokosi mpaka kumanda, ndipo dzuwa lisanalowe amuna anga anali atagona m'malo mwawo.

M'mawa mwake alendo anapempha kuti aone miyala ija. Mudzi wonse unawatsata. Anavala tinsapato tothina ngati ta ana, nkudzola ufa woyera m'manja. Mtsikanayo anatulutsa mswachi nkuyamba kutsuka mwala. Kenako wandevu anakhala pansi penipeni, nkukakamira mwalawo ngati buluzi, pomwe kuseri kwake kuli kanjira kamene mbuzi zimakwerera zikudya. Anzake anatambasula manja ngati akupemphera, akukuwa, "Tiye! Tiye!" Wandevuyo anakwera pang'ono, nkugwa chagada. Anzake anamuombera m'manja. Anadzuka, kupukusa zala, nkubwereranso pomwe paja.

Ana anayamba kuseka. Amalume anawaopseza ndi ndodo.

"Chete! Uwu ndi mwambo wa kwawo. Aliyense amalira m'bale wake mmene anaphunzirira."

Ine ndinali pakhonde, mutu wometa, nditaphimba pakamwa ndi chitenje. Amayi a mvano anaona mapewa anga akugwedezeka, anabwera kudzandisisita pamsana.

Alendo aja amabwerabe chilimwe chilichonse, nthawi zina ndi anzawo atsopano, ndipo amalume amawawerenga onse kuti ndi mbumba ya malemu. Asanapite ku miyala yawo, wandevu uja amabwereka khasu nkuyamba walambula pamanda. Zimenezo ine sindinamutume.