Tinathyola Masamba, Khate Linatsala M'mitengo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, omwe ankakonza njanji ku Nkaya. Anamva kwa wapaulendo wina kuti pamunda wochulukitsira mbewu ya chinangwa, kufupi ndi Phalula, pakufunika munthu wodziwa kulemba. Ndinapita ndi setifiketi yanga ndi khadi la chipani. Kapitawo wa pamundapo, a Makwinja, anayang'ana khadi lokha. Setifiketi anandibwezera ili mu envulopu momwemo.

Chinangwa sabzala njere, amabzala mtengo wake. Tinkadula mitengo yokhwima ndi chikwanje chakuthwa, chidutswa chilichonse kutalika ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, n'kumanga m'mitolo ndi luzi. Gawo langa linali kuyenda mzere ndi mzere kufunafuna khate la chinangwa: masamba opiringizika, amawanga achikasu, ndi tintchentche toyera tobisala kunsi kwa tsamba, tomwe timafalitsa matendawa. Lamulo linali limodzi. Mtengo wodwala uzulidwe, ukakwiriridwe kutali.

Chaka chimenecho khate linagwira mbali yonse ya kumunsi, kumene kunali mtundu watsopano wofunika kugawidwa kwa alimi. Ndinauza a Makwinja kuti tizule. Koma tsiku la chionetsero linali litalengezedwa kale, ndipo wapampando wa chipani ndiye anali kudzagawa mbewuyo ndi manja ake.

"Tizule? Ndiye a wapampando adzagawe chiyani, maenje?" anatero a Makwinja. "Thyolani masamba oipawo. Atuluka ena."

Anatulukadi, osalala, obiriwira bwino. Chifukwa chake ndinadzachimvetsa patapita zaka zambiri, ndili mtolankhani. Mbewu ili ndi chitetezo chake. Ikazindikira kuti mwalowa kachirombo, imafalitsa uthenga m'thupi lonse n'kuyamba kukaphwanya. Kachirombo ka khate kamapanga zinthu zotsekereza uthengawo, mbewu n'kukhala ngati sinamve kanthu. Kukatentha, mbewu imapezako mphamvu ndipo masamba atsopano amaoneka abwino, koma kachiromboko kamakhala kadakali mumtengo. Ukadula mtengo wotero, wadula ndi matenda omwe.

Pa tsiku la chionetsero amayi anavina, mitolo itaunjikidwa pamkeka. Woyamba kuitanidwa anali Abiti Jafali, mayi wamasiye amene ankatipatsa madzi akumwa pachitsime chake. Anali ndi chinangwa chake chowawa chimene anachilandira kwa mayi ake, chosabereka kwambiri koma chosadwaladwala. Makaka ake, chinangwa chouma chija, ndiwo ankadyetsa ana ake miyezi ya njala. Komiti ya chipani inamusankha kukhala mlimi wachitsanzo, kutanthauza kuti azule chakalecho, abzale chatsopano munda wonse.

Anthu ali kalikiriki kuombera m'manja, ndinamupeza kuseri kwa shedi akumanga mitolo yake ndi nsalu.

"Amayi, mbewu imeneyi musabzale. Ili ndi khate."

Sanadzidzimuke. Anakoka mfundo ya nsaluyo ndi mano. "Achimwene, chitsime changa chayang'anana ndi munda wanuwu. Mukuyesa sindinakuoneni mukuthyola masamba?"

"Ndiye mwalandiriranji?"

"Iyayi, inu ndinu ophunzira, ndiuzeni. Mbewu yolandira m'manja mwa a wapampando, anthu onsewa akuona, ndikaiponye kudzala? Anyamata a chipani akabwera kudzaona munda, ndidzawaonetse chiyani?"

Anasenza mitoloyo n'kumapita. Kuseri kwa shedi kuja sitinali awiri okha. Sabata isanathe a Makwinja anandiitana. Anati ndine wofooketsa chitukuko, ndipo ndithokoze kuti nkhaniyo yathera pa iwo. Anandilanda nsapato za jombo ndi chikwanje, ndinabwerera ku Nkaya wapansi.

Kwathu kuno mbewu saimana. Munthu akapempha mitengo ya chinangwa, umamudulira, sufunsa mtengo wake. Mbewu ya Abiti Jafali inali yotchuka, yochokera m'manja aakulu, choncho aliyense anaifuna. Anadulirako anansi ake, anadulirako mng'ono wake wokwatiwa ku Ngokwe. Kukana kukanakhala kumana, ndipo kunena chifukwa chokanira kukanakhala kunyoza chipani.

Ndinadzadutsa kwa Abiti Jafali patatha nyengo ziwiri zokolola. Chinangwa cha m'munda mwake chinali chopinimbira, cholekeza m'mawondo, masamba atapiringizika ngati apsa ndi moto. Anazula phata limodzi kuti ndione. Mizu yake inali yopyapyala ngati zala za mwana. Mwana wake wamkulu anali atasiya sukulu, akugulitsa nkhuni pamsewu kuti apeze ufa. Ndinafunsa ngati chinatsalako chinangwa cha mayi ake chija.

"Ngakhale mtengo umodzi," anatero. "Anyamata a chipani anaimirira pompo mpaka ndinazula chonse."

A Makwinja anali atakwezedwa paudindo. Lipoti la chionetserocho linati mbewu inagawidwa bwino, ndipo linanena zoona: inagawidwadi bwino kwambiri.

Ndalemba nkhani za ulimi kwa zaka zambiri kuchokera pamenepo. Akandiitana kukaona munda wachitsanzo, masamba sindiwayang'ana nthawi yaitali. Ndimawerama n'kuyang'ana pamtengo ngati pali zipsera za masamba othyoledwa, kenako ndimafunsa amene ali ndi chitsime chapafupi.